Ampulifaya ya Gitala: Luso Lobadwira m'Tizipinda ta Okonza Mawailesi

Gitala ndi choimbira cha liwu lofatsa. Munthu akamaiimba pakhonde madzulo, amene amaimva bwino ndi okhawo akhala naye pafupi. Ikangolowa pakati pa ng'oma ndi malipenga, liwu lake limamira, woimbayo n'kumangooneka ngati akukanda nsambo pachabe. Komatu lero gitala yomweyo imalira m'bwalo la masewero lodzaza ndi anthu zikwizikwi, mpaka amene aima kumapeto kwenikweni amaimva ikugunda pamtima. Chimene chidasintha zinthu ndi bokosi lija limakhala kumbuyo kwa woimba, limene timalitcha ampulifaya. Anthu ambiri amaganiza kuti chipangizo chotere chidachokera kwa akatswiri a maphunziro apamwamba m'makampani akuluakulu. Zoona zake n'zakuti akatswiriwo adangolambula njira. Ampulifaya ya gitala, monga tikuidziwira lero, idabadwira m'tizipinda ta okonza mawailesi, pa matebulo odzaza ndi mawaya, m'manja mwa anthu amene luso lawo adaliphunzira pogwira ntchito.

Tisanalowe m'mbiriyi, ndi bwino tiyambe tamvetsa mmene chipangizochi chimagwirira ntchito. Pansi pa nsambo za gitala yamagetsi pamakhala maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulizidwa maulendo zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikakhudzidwa imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumabala timagetsi tochepetsetsa m'waya muja. Timagetsi timeneti timatsata ndendende kavinidwe ka nsambo, koma tilibe mphamvu yoti n'kugwedeza kanthu. Ntchito ya ampulifaya ndi kutikuza kwambiri popanda kutaya kavinidwe kaja, kenaka n'kutipereka ku sipika. Sipika nayo ili ngati ng'oma: ili ndi chipepala cholimba chooneka ngati mbale, chimene chimakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mpweyawo ukafika m'makutu mwathu timamva nyimbo.

Chokuzira magetsi choyamba chidali valavu. Imeneyi ndi kabotolo kagalasi kofanana ndi babu, kochotsedwa mpweya m'kati, kokhala ndi tizitsulo timene kena mwa ito kamatentha mpaka kufiira psuu. Katswiri wa ku Britain, John Ambrose Fleming, adapanga valavu yoyamba m'chaka cha 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America adawonjezamo kachitsulo kachitatu. Kachitsulo kameneka kamagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata: magetsi ochepa akafika pa iko, amatsegulira kapena kutsekera njira magetsi ambiri. Mu 1925 Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku kampani ya General Electric adalengeza za mtundu wa sipika umene tikuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Koma maganizo a anthu onsewa adali pa lamya, pa wailesi ndi pa kanema, osati pa gitala.

Eni vutolo, oimba, ndiwo adayamba kufunafuna mankhwala ake. Mmodzi wa iwo adali George Beauchamp wa mumzinda wa Los Angeles, amene ankaimba nyimbo za ku Hawaii pa gitala yogoneka pamiyendo. Atayesa njira zosiyanasiyana kunyumba kwake, adapeza kuti maginito awiri opindika ndi waya wokulunga zimatola bwino liwu la nsambo. Mu 1931 iye ndi anzake adapanga gitala yamagetsi ya thupi laling'ono lozungulira ndi khosi lalitali, mwakuti anthu adaipatsa dzina loti Frying Pan, kutanthauza chiwaya. Chaka chotsatira, mogwirizana ndi Adolph Rickenbacker amene adali ndi fakitale ya zitsulo, adayamba kuigulitsa pamodzi ndi kaampulifaya kake. Mu 1936 kampani ya Gibson idatulutsa gitala yotchedwa ES-150, ndipo pamene mnyamata wotchedwa Charlie Christian adalowa m'gulu la Benny Goodman mu 1939 akuimba gitala yamtunduwu, anthu adazindikira kuti gitala ingathe kutsogolera nyimbo monga limachitira lipenga. Komabe maampulifaya a nthawi imeneyo adali ofooka ndi osachedwa kuwonongeka. Akafa, eni ake ankapita nawo kwa wokonza mawailesi.

Mmodzi wa okonza mawailesi otere adali Leo Fender wa m'tauni ya Fullerton ku California. Iyeyu adabadwa mu 1909. Kusukulu adaphunzira za kuwerengera ndalama, koma zamagetsi adadziphunzitsa yekha kuyambira ali mnyamata, ataona wailesi imene wachibale wake wina adapanga ndi zipangizo zotayidwa. Ntchito ya mu ofesi itamuthera pa nthawi ya mavuto a zachuma a m'zaka za m'ma 1930, adakongola madola 600 n'kutsegula kasitolo kokonzera mawailesi mu 1938. Kumeneko oimba ankabwera ndi maampulifaya awo akufa. Tsiku ndi tsiku Fender ankawatsegula, n'kumaona malo amene amakonda kupsa, mawaya amene amaduka galimoto ikadutsa m'msewu wa mabampu, ndi zolakwa zina za amene adawapanga. Sukulu yake yeniyeni idali imeneyo. Mu 1945 adayamba kupanga magitala ndi maampulifaya pamodzi ndi mnzake Doc Kauffman, ndipo awiriwa atasiyana mu 1946, Fender adakhazikitsa kampani ya dzina lake.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu sankadziwa kuimba gitala. Chimene adali nacho ndi khutu lomvera odandaula. Ankapereka maampulifaya atsopano kwa oimba kuti akawayese kumadansi, ndipo nthawi zina ankakwera yekha pansanja gulu lili m'kati moimba, n'kuyamba kukonza apa ndi apo. Njira za magetsi zimene ankatsata sizidali zachinsinsi. Zambiri zidachokera m'mabuku amene opanga mavalavu monga RCA ankasindikiza, ndiponso ku nzeru za kampani ya Western Electric. Luso lake lidali pa kuyala zinthu mwadongosolo. Popeza adali atavutikapo ndi zipangizo zopangidwa mosaganizira wodzazikonza, adaonetsetsa kuti m'ampulifaya yake chilichonse chikhale poonekera, chosavuta kuchotsa ndi kubwezeretsa. M'kati mwa bokosi ankamatamo kapepala kosonyeza pamene valavu iliyonse iyenera kukhala. Kunja ankakuta ndi nsalu yolimba yonga ya masutikesi, podziwa kuti woimba ndi munthu wapaulendo.

Ntchito yolumikiza mawaya inkachitika ndi manja, ndipo ambiri mwa oigwira adali amayi, ena mwa iwo ochokera m'mabanja a ku Mexico. Mayi akamaliza ampulifaya ankalemba dzina lake pa kachidutswa ka tepi n'kukamata m'kati. Papita zaka zoposa 60 tsopano, koma anthu akutsegulabe mabokosi aja n'kupeza mayinawo, ndipo ambiri mwa maampulifayawo akulirabe. Mwa onse amene adatuluka m'manja amenewa, yotchuka kwambiri ndi Bassman, imene idatuluka koyamba mu 1952 kuti izikuza liwu la gitala ya besi. Mtundu wake wa m'zaka za 1958 mpaka 1960 udali ndi masipika anayi a mainchesi 10 ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 40, ndipo amene adaukonda koposa adali oimba gitala wamba, osati a besi amene udapangidwira.

Cholinga cha opanga maampulifaya chidali chakuti liwu lizituluka loyera, lopanda litsiro. Koma oimba adatulukira kanthu kena. Valavu ikapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake, liwu limasasa, limakhala ndi ukali ndiponso limatalika. Kwa katswiri wa magetsi chimenechi chidali chilema. Kwa woimba udali mchere wa nyimbo. Mu 1951 gulu la Ike Turner likupita ku Memphis kukajambulitsa nyimbo yotchedwa Rocket 88, sipika ya ampulifaya ya woimba gitala wawo, Willie Kizart, idawonongeka panjira. Adangoitseka ndi mapepala n'kujambula choncho, ndipo wojambulayo, Sam Phillips, adalikonda liwu losasalo. Pojambula nyimbo ya Rumble imene idatuluka mu 1958, woimba wina, Link Wray, adachita kuboola dala masipika ake ndi pensulo. Pang'onopang'ono oimba adayamba kufuna ampulifaya imene ingatulutse liwu lotere popanda kuiwononga.

Ena mwa amene adamva kufuna kumeneku adali anthu atatu m'kasitolo ka zoimbira ku Hanwell, kumadzulo kwa mzinda wa London. Mwini sitoloyo, Jim Marshall, adabadwa mu 1923. Zaka zambiri za ubwana wake adathera m'chipatala chifukwa cha matenda a TB ya m'mafupa, motero sukulu sadapite nayo patali. Atakula adakhala woimba ng'oma za m'bandi ndiponso mphunzitsi wa ng'omazo, ndipo mu 1960 adatsegula sitolo. Anyamata oimba magitala, monga Pete Townshend ndi Ritchie Blackmore, ankabwera kudzacheza n'kumadandaula kuti maampulifaya a ku America ndi okwera mtengo, pamene a ku Britain satulutsa liwu limene iwo ankalifuna. Marshall adamva. Adagwirizana ndi Ken Bran, amene ankakonza zinthu zowonongeka m'sitolomo, kuti ayese kupanga yawoyawo, ndipo adatenganso Dudley Craven, mnyamata wa zaka 18 amene ankaphunzira ntchito ku kampani ya EMI.

Atatuwa sadayambire patchire. Adatenga Bassman ija n'kutsata njira zake za magetsi imodzi ndi imodzi. Koma zipangizo za ku America sizinkapezeka zonse ku London, tsono ankaika zimene akadatha kugula kwawoko. Thiransifoma idali ina, valavu yoyamba kulandira liwu la gitala idali ina yokuza kwambiri, ndipo masipika adali a kampani ya ku Britain yotchedwa Celestion. Adapanga maampulifaya asanu koma sadakhutire nawo. Yachisanu ndi chimodzi ndiyo Marshall adaivomera. Imeneyi idatuluka mu 1962, ndipo idatchedwa JTM45, zilembozo zikuimira Jim ndi mwana wake Terry Marshall. Ngakhale idali mwana wa Bassman, liwu lake lidali lina: lolemera ndi laukali. Paja akuluakulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Masipika awiri ankapsa msanga, choncho adaika anayi a mainchesi 12 m'bokosi limodzi lotseka kumbuyo. Mu 1965 Townshend adapempha ampulifaya ya mawati 100 ndi bokosi la masipika asanu ndi atatu. Bokosilo litalemera mwakuti onyamula adaliona polekera, adaligawa pawiri n'kusanjikiza lina pamwamba pa linzake. Mabokosi osanjikiza amenewa ndiwo adakhala chizindikiro cha nyimbo za rock, ataima kumbuyo kwa oimba ngati Jimi Hendrix ndi Eric Clapton.

Taonani mmene luso lidayendera. Fender adatenga nzeru m'mabuku a opanga mavalavu n'kuziyala mwa njira yake. Marshall ndi anzake adatenga za Fender, ndipo kusowa kwa zipangizo, kumene kukadaoneka ngati tsoka, ndiko kudabala liwu latsopano. Kutengera ntchito ya mnzako pofuna kuimvetsa si ulesi; ndi mmene mwana wa wosula amaphunzirira pachipala, poyamba kupopa mvukuto, kenaka kusula khasu lofanana ndi la atate ake, mpaka tsiku lina kusula lakelake.

Nkhani yonga yomweyi idachitikanso mu Africa muno, ngakhale choimbira chake sichidali gitala. Mingiedi Mawangu, wa mtundu wa Bazombo wa kumalire a Congo ndi Angola, adayambitsa gulu lotchedwa Konono m'zaka za m'ma 1960. Choimbira chawo chachikulu chidali likembe, chimene kwathu kuno timachitcha kalimba kapena sansi. M'phokoso la mzinda wa Kinshasa liwu la kalimba silinkamveka. Mingiedi adatola maginito m'zipangizo za magalimoto akufa, n'kukulunga waya wa kopa, n'kulumikiza zonsezi ku zokuzira mawu zoyendera mabatire a galimoto. Liwu limene lidatuluka lidali losasa ndi lokalipa, ndipo lidakhala chizindikiro cha gululo. Chimbale chawo chotchedwa Congotronics chitatuluka mu 2004, adaitanidwa kukaimba ku Ulaya ndi ku America. Mingiedi adamwalira mu 2015. Ku London nako, mu 1972, John Deacon wa gulu la Queen, amene adaphunzira zamagetsi ku koleji, adatola zipangizo zotayidwa pa chinkhuti cha zinyalala n'kupanga kaampulifaya koyendera batire laling'ono, kamene mnzake Brian May adakagwiritsa ntchito pojambula nyimbo zambiri za gululo.

M'zaka zomwezi ufumu wa valavu udali ukutha. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America adatulukira transistor, kachipangizo kakang'ono kogwira ntchito ya valavu, kosatentha kwambiri, kosasweka ndiponso kotsika mtengo. Mawailesi ndi zipangizo zina zidasamukira ku transistor, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mafakitale ambiri a ku America ndi ku Britain adaleka kupanga mavalavu. Oimba gitala ambiri adakakamirabe valavu chifukwa cha liwu lake, motero mavalavu adayamba kuchokera makamaka ku Russia, ku China ndi ku Slovakia. Nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mavalavu adasowa ndi kukwera mtengo m'maiko ambiri. Kusintha kwina kudali pa kapangidwe. Zipangizo zamakono zimalumikizidwa ndi makina pa timatabwa todzaza ndi tinthu ting'onoting'ono tovuta kutiona ndi maso, ndipo zambiri zikawonongeka, kugula chatsopano kumatsika mtengo kuposa kukonza. Zinthu zikafika pamenepa, si chipangizo chokha chimene chimatayidwa. Luso la wokonza nalo limayamba kufa, chifukwa munthu sangaphunzire pa chinthu chimene sangathe kuchitsegula.

Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene m'maiko monga America ndi Britain mudayambira maphunziro a masiku ochepa ophunzitsa anthu kupanga okha ampulifaya ya gitala ndi manja. Zithunzi za njira za magetsi za maampulifaya akale aja zimapezeka kwa aliyense, ndipo zipangizo zake zimagulitsidwa pamodzi m'phukusi. Kawirikawiri ophunzira amayamba ndi kaampulifaya kotchedwa Champ, kamene Fender ankapangira oyamba kumene kuimba. Mtundu wake wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 uli ndi mavalavu atatu okha, sipika imodzi, chopotokola chimodzi chokwezera mawu, ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 5. Valavu yoyamba imawongola magetsi ochokera kukhoma, yachiwiri imakuza timagetsi ta gitala, yachitatu imapatsa sipika mphamvu. Zonse zili poyera, mwakuti wophunzira angathe kutsata ndi chala ulendo wa liwu kuyambira polowera mpaka potulukira.

M'chipinda chophunzirira chotere mulibe zongomvetsera. Wophunzira amayamba ndi kuwerenga chithunzi cha njira za magetsi ndi kuzindikira tizipangizo mwa mizere ya mitundumitundu yojambulidwa pa ito. Kenaka amaphunzira kuwotcherera mawaya ndi mtovu wosungunula, ndipo amaona ndi maso ake kuti polumikiza pabwino pamakhala posalala ndi ponyezimira, pamene poipa pamakhala pothimbirira ngati phala lozizira. Amaphunzira kupota mawaya awiri otenthetsa mavalavu ngati chingwe, chifukwa akangowasiya pambalipambali ampulifaya imang'ung'udza ngati njuchi. Akamaliza sathamangira kuyatsa. Amayamba wayeza malo onse ndi mita, kenaka amayatsa podutsitsa magetsi m'babu: babulo likawala kwambiri osazilala, ndiye kuti pali polakwika, ndipo ayenera kuzimitsa msanga zinthu zisanapse.

Phunziro lalikulu koposa ndi la kusamala moyo. Ngakhale kaampulifaya kakang'ono ngati Champ kamakhala ndi magetsi oposa ma volt 300 m'kati mwake, kuposa ma volt 230 a m'nyumba zathu. Choopsa china n'chakuti tizipangizo totchedwa makapasita timasunga magetsi ngakhale ampulifaya itazimitsidwa ndi kuzulidwa kukhoma. Wophunzira amauzidwa kuyamba wakhetsa magetsiwo ndi kuyeza asanagwire chilichonse, ndiponso kusunga dzanja limodzi m'thumba poyeza ampulifaya yoyaka, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima. Safunsa adadya phula. Pantchito iyi safunsa angathe kutaya moyo. N'chifukwa chake luso limeneli liyenera kuphunziridwa pafupi ndi mmisiri wolidziwa, monga momwe Dudley Craven ankaphunzirira ntchito asanakumane ndi Marshall.

Mbiri imeneyi ili ndi mawu kwa ife. M'misika ya kwathu timaona munthu atakhala pa kabenchi, atazunguliridwa ndi mawailesi ndi mafoni akufa, ndipo ambiri timamudutsa ngati munthu amene sukulu idamukanika. M'midzi timaona anyamata akupanga mabanjo ndi zigubu za mafuta ndi mawaya otola, n'kumati ndi masewera a ana. Tikumbukire kuti Leo Fender adayamba pa kabenchi kotere, ndi kuti Mingiedi adayamba ndi maginito otola. Chimene chidawakweza ndi zinthu zitatu: kutsegula chinthu kuti achimvetse, kumvera madandaulo a ochigwiritsa ntchito, ndi kusatopa kuyesanso, monga adachitira a ku Hanwell amene adalephera kasanu asanapambane.

Maphunziro a m'mabuku ndi ofunika, pakuti popanda Fleming ndi de Forest sipakadakhala valavu yoti Fender aigwire. Koma buku limafuna manja oti alisandutse chinthu chogwirika. Wophunzira amene akuwerenga za magetsi ndi maginito m'kalasi la sayansi achita bwino kukhalako tsiku lina pambali pa mmisiri wa pamsika, kuona ndi kufunsa. Mmisiriyo nayenso ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa amene adawerenga. Dziko limene awiriwa amanyozana lidzakhala likugula ndi kutaya zopanga ena. Limene awiriwa amakhala pa tebulo limodzi lidzayamba kupanga zakezake.